Mayi Glenys Agwira Chiwongolero

Ku Tapanui aliyense ankadziwa kuti a Glenys Tulloch sayendetsa galimoto. Ankadziwika nazo monga mmene ena amadziwikira ndi kutsimphina kapena kuseka mokweza. Kwa zaka makumi atatu ankaphika ndi kuchapa kunyumba yosungirako okalamba kumapeto kwa tauni, ndipo ankapitako wapansi, kaya mvula igwe, kaya mphepo ya kumwera iwombe mpaka kutembenuza ambulera. Akafuna kupita ku Gore kukagula ulusi kapena nsapato ankadikira Loweruka kuti amuna awo, a Merv, awatenge. M'galimotomo ankakhala phee kumpando wakumanzere, kachikwama pamiyendo, dzanja limodzi litagwira chitseko.

A Merv anali munthu wa phokoso ndi nthabwala. Anagwira ntchito pa fakitale yocheka matabwa mpaka itatsekedwa, kenako anayamba kumanga mipanda ya waya m'mafamu a nkhosa. Pamowa ankakonda kunena kuti mkazi wawo amaopa ngakhale wilibala, anthu n'kuseka. A Glenys zikawafika ankangomwetulira. Mwana wawo wamkazi, Raewyn, amene ankagulitsa mankhwala pa famase ya m'taunimo, anakula akuimva nthabwalayi mpaka nayenso ankainena kwa anzake.

Mwambo wa mtengo wa Khirisimasi anauyambitsa a Merv chaka chimene Raewyn anabadwa. Lamulungu lachiwiri la Disembala, akatuluka m'tchalitchi, banja lonse linkakwera phiri la kuseri kwa famu ya a Aitken, kumene paini amangomera yekha n'kumalanda msipu wa nkhosa. A Aitken ankati dulani mmene mungathere, mukundipalira munda. Aliyense anali ndi gawo lake. A Merv ankaloza mtengo, a Glenys n'kuukana kuti ndi wokhota. Ankaloza wina, n'kuukananso kuti uli ndi dazi mbali imodzi. Wachitatu ndiye ankadulidwa, ngakhale ukhale wonyansa kuposa awiri aja. Macheka anali amanja, ogwira anthu awiri, ndipo aliyense, ngakhale mwana wongoyamba kumene kuyenda, ankayenera kukokako. Akatha ankakhala pa bulangeti n'kudya buledi wopinda wa tchizi ndi anyezi, akumwera tiyi wa m'fulasiki.

Chaka chimene tikunenachi a Merv anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, ndipo kuphiriko anapita atatu okha. Wayne, mlongo wake wa Raewyn, anali ku migodi ya ku Australia. Mwamuna wa Raewyn anali kutali kometa nkhosa, popeza Disembala ndi nthawi yake. A Merv anamangirira ngolo kumbuyo kwa pikapu yawo yakale chifukwa ankafuna mitengo itatu: wa kunyumba, wa kutchalitchi ndi wa kwa okalamba kuja. Ndipo m'malo mwa macheka amanja ananyamula a injini, ati phewa lawo silikufunanso za makolo.

Kamsewu ka kuphiriko kamadutsa pa geti la matabwa, kuwoloka kamtsinje kopanda mlatho, n'kukwera mokhotakhota mpaka kukathera pa thanthwe. Pothera pakepo n'popanikiza, kumanja kuli chipupa cha phiri, kumanzere chigwembe. Zaka zimene ankapita ndi ngolo, a Merv ankaimasula n'kuitembenuza ndi manja mothandizana ndi amuna anzawo, akutukwana theka la ola lathunthu. Tsikuli anati za kutembenuka aziona akadya.

Mitengo iwiri inagwa bwinobwino, anaikweza m'ngolo. Wachitatu unali potsetsereka, pansi pali masamba a paini ouma, oterera ngati sopo. A Glenys anawakumbutsa kuti avala kabudula.

"Kabudula ameneyu wadula mitengo yambiri kuposa tsitsi la m'mutu mwanumo, mayi," anatero a Merv, n'kuliza machekawo.

Raewyn anali akutsegula fulasiki pamene anamva kulira kwa injini kwasintha, kenako kwazima. Atatembenuka anaona bambo ake atakhala pansi ngati munthu wotopa, akuyang'ana ntchafu yawo yakumanzere. Sanakuwe. Pamwamba pa bondo panali patatseguka, ndipo magazi ankatuluka motumphatumpha mpaka kufika pa nthambi za mtengo. Fulasiki inamupulumuka. Iye amene tsiku lililonse ankagulitsa mabandeji ndi kulangiza anthu za mabala anangoti kakasi.

Amene anamudutsa akuthamanga anali mayi ake.

"Iwe Merv, gona chagada, usayang'ane. Raewyn, sipanala yaikulu ili pansi pa mpando. Thamanga."

Raewyn anali asanamvepo mayi ake akulankhula ndi bambo ake ndi mawu otero. Mmene ankabwera ndi sipanala, a Glenys anali atasolola kale lamba wa amuna awo n'kumukulunga pamwamba pa bala. Analowetsa sipanalayo m'lambamo n'kuipotoza, kuipotozanso, mpaka a Merv anabuula ngati ng'ombe ndipo magazi analeka kutumpha. Kenako anatulutsa bolopeni m'thumba la diresi, kuyang'ana wotchi, n'kulemba nthawi pa khungu la ntchafu inayo.

Foni inalibe netiweki, kuphiriko sikugwira. Anawagoneka a Merv pa bulangeti lodyera lija n'kuwakoka mpaka pa galimoto, kuwakankhira pa mpando wakumbuyo. Apa m'pamene Raewyn anayamba kulira. Galimoto yake ya m'tauni inali yosintha magiya yokha, ya bambo akeyi anali asanaigwirepo. Ngakhale akanaidziwa, kumbuyo kunali ngolo yodzaza mitengo, chitsulo chake cholumikizira chitachita dzimbiri moti chinkafuna nyundo ndi amuna awiri. Anati athamange wapansi kukaitana a Aitken, koma kunali makilomita khumi ndi awiri.

"Lowa kumbuyo, ugwire sipanalayo isabwerere," anatero a Glenys. "Makiyi ali m'thumba la kabudula wakeyo. Ndipatse."

Raewyn anawapatsa osadziwa chimene akupereka. Anaona mayi ake akuvula nsapato zawo za kutchalitchi n'kuziponya pansi pa mpando, kukokera mpandowo kutsogolo, kukonza galasi lakumanja, kutambasula mkono kukonza lakumanzere. Injini inalira. Giya inalowa popanda ndi kukhuluza komwe, pamene a Merv eni ake ankalimbana nayo tsiku lililonse.

Galimoto inayamba kubwerera chammbuyo. A Glenys sanacheuke ngakhale kamodzi. Maso ankangopita galasi ili, galasi ilo, dzanja limodzi lili pansi pa chiwongolero, likukankha pang'ono uku, pang'ono uko. Raewyn atasuzumira pa zenera anaona tayala la ngolo likuyenda m'mphepete mwenimweni mwa chigwembe, timiyala tikugumukira pansi. Anatseka maso. Atawatsegula, ngolo inali ikukhota yokha pa kona ngati ikudziwa njira, ndipo liwiro linali likuwonjezereka.

A Merv, milomo itatuwa, ananong'ona kuti asathine kwambiri pa kona yachiwiri.

"Takhala chete iwe," anayankha a Glenys maso ali pagalasi. "Anakuphunzitsa kubweza ngolo ndi ndani?"

Raewyn anawayang'ana bambo ake kuti mwina aseka. A Merv anangotembenuzira nkhope kumpando.

Pa malo otambalala pang'ono a Glenys analowetsa ngolo m'tchire, kupinda chiwongolero chonse, ndipo pikapu inaloza kumunsi. Kutsika kwake Raewyn sakukumbuka bwino. Amakumbuka fumbi lili koboo, mitengo ija ikudumpha m'ngolo, ndi phazi la mayi ake lovala sokosi yokha likuvina pa zopondera. Mabuleki sankawagwira kwenikweni, ankachepetsa liwiro ndi magiya, injini n'kumalira ngati ikudandaula. Asanafike pa kamtsinje anatsitsa giya, kuwoloka madzi akuthovokera mbali zonse, n'kukweranso tsidya linalo. Geti la a Aitken linali lotseka. Raewyn anayamba kunena kuti atsika akatsegule, koma anangomva kuti agwire bambo ake zolimba. Matabwa anauluka, lina linamenya galasi lakutsogolo n'kulisiya ndi mng'alu.

Atafika pa msewu wa tala foni inagwira. Raewyn anaimba ndi dzanja limodzi, linalo lili pa sipanala. Amene anayankha anati ambulansi inyamuka ku Gore, iwo azipita akumane nayo panjira. A Glenys anapitirira lole ya mkaka ndi galimoto ziwiri, ngolo ikuwatsata kumbuyo mosagwedera. Anakumana ndi ambulansi pa mphambano, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri helikopita inatera m'munda wa nkhosa n'kuwanyamula a Merv kupita nawo ku chipatala chachikulu ku Dunedin. Mmodzi wa a ambulansi, poona nthawi yolembedwa pa ntchafu ija, anafunsa kuti namwino ndani pakati pa awiriwo.

Wapolisi wa m'tauni mwawo, mayi wina dzina lake Ngaire, anali atafika pambuyo pa ambulansi. Ankawadziwa onse. Anayang'ana pikapu, thabwa la geti lili chikodwere kutsogolo, n'kufunsa Raewyn kuti anaphunzira liti kuyendetsa chigalimoto cha bambo ake. Raewyn anangoloza mayi ake, amene anali atakhala pa chitseko akuvala nsapato. Ngaire anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona kuti palibe akuseka naye, ananena mwaulemu kuti lero satsata za malamulo, munthu wopanda layisensi akapulumutsa moyo iye amayang'ana kumbali.

A Glenys anatsegula kachikwama kawo kaja, kupisa m'kathumba ka m'kati kotseka ndi zipi, n'kutulutsa kakhadi. Ngaire anakayang'ana kutsogolo, kukatembenuza, kukayang'ananso nthawi yaitali.

"Mayi Tulloch, layisensi iyi ndi ya malole okoka ngolo. Ine amene ndilibe yotere."

"Sinathe ntchito. Ndinakaonjezera chaka chatha."

Raewyn analanda khadilo. Chithunzi chinali cha mayi ake enieni, imvi zomwezi, juzi yobiriwira imene iye anawagulira. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, pa udzu, magazi a bambo ake atauma m'manja.

Ngaire anawathandiza kumasula ngolo ndi nyundo ya m'galimoto yake. Ulendo wa ku Dunedin ndi wa maola awiri, ndipo anayendetsa ndi a Glenys, tsopano modekha, dzuwa la masana likuwomba pa galasi long'aluka lija. Anadutsa mafamu angapo. Kenako mayiwo anayamba okha kufotokoza, maso ali pamsewu, mawu ali ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula.

Anakulira ku Tuatapere, kumene bambo awo anali ndi malole anayi onyamula zipika kuchokera m'nkhalango. Raewyn ankadziwa kuti agogo akewo anali a malole, koma ankamva kuti mayi ake ankathandiza mu ofesi. Ofesi kunalibe. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi ankasuntha kale malole pabwalo, atakhalira pilo. Pofika zaka makumi awiri ankatsitsa zipika m'misewu ya matope imene amuna ena ankaikana. Za lamba ndi sipanala anaziona m'nkhalangomo kawiri. Woyamba anapulumuka, wachiwiri anamwalira ali m'lole yawo asanafike kuchipatala. A Merv anabwera kudzapempha ntchito ali mnyamata wodziwa kulankhula kuposa kuyendetsa, ndipo amene anapatsidwa kuti awaphunzitse anali iwowo.

Zinthu ziwiri zinachitika chaka chimodzi. Bambo awo anadwala n'kusiyira malole onse mwana wamwamuna, amene sankadziwa ndi pothira mafuta pomwe, ati kampani siingatchedwe dzina la mwana wamkazi woti mawa akwatiwa. Ndipo patatsala mwezi kuti ukwati uchitike, a Merv anagwetsera lole mu ngalande, a Glenys n'kukaitulutsa madalaivala onse akuonerera. Kuyambira tsikulo anzawo ankawatcha a Merv kuti akazi a Glenys. Usiku wina a Merv ananena kuti akakwatirana asamukire kwina, ndipo m'nyumba mwawo dalaivala akhale mmodzi.

"Ndiye munangovomera?" anafunsa Raewyn.

"Ndinali nditakwiya ndi bambo anga, ndi malole, ndi zonse. Ndinati chabwino, muone ngati ndidzagwirenso chiwongolero. Chaka chinatha, ziwiri, kenako anthu a kuno anandidziwa choncho. Ukayamba kudziwika mwanjira ina, kubwerera kumavuta."

Raewyn anafunsa za layisensi. Mayiwo anati ankapita ku Gore pa basi tsiku limene a Merv ali kutali ndi mipanda, kukayezetsa maso kwa dokotala wosawadziwa, kujambulitsa, n'kubwerera nthawi yophika isanakwane. Chifukwa chake sankachidziwa bwino. Ankangofuna kuti ikhalepo.

M'mutu mwa Raewyn munkabwera zinthu zimene anali asanaziganizirepo kawiri: mayi ake atanyamula majumbo a golosale m'mvula, mayi ake akupempha anansi kuti awaperekeze ku maliro a mng'ono wawo. Ndipo panali tsiku lina Raewyn ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamene anagwa mu mtengo wa maapozi n'kuthyoka mkono, fupa litapindika poonekera. Bambo ake anali atapita ku ntchito pa galimoto ya mnzawo. Mayi ake anamukhazika pakhonde n'kuthamanga nyumba ndi nyumba kufuna wowatengera kuchipatala, ndipo iye anadikira pafupifupi ola lathunthu akusanza ndi ululu.

"Amayi, tsiku lija ndinathyoka mkono, galimoto inali pabwalo."

"Inalipo."

"Makiyi anali pa msomali wa kukhitchini."

"Ndinawatenga makiyiwo. Ndinafika nawo mpaka pakhomo, kenako ndinakawabwezera." Anasintha giya pokwera chitunda. "Ndinaona kuti mkono suupha munthu. Ndikanayendetsa tsiku limenelo, pofika madzulo tauni yonse ikanadziwa, bambo ako n'kukhalanso choseketsa. Ndinasankha molakwika, mwanawe. Ndakhala ndikudziwa."

Raewyn anafuna kukalipa. Ankangoyang'ana manja amene anali pa chiwongolerowo, manja otupa mfundo ndi madzi a sopo, amene iye ankaganiza kuti amawadziwa kuposa ake omwe.

Madokotala anaupulumutsa mwendowo. Anati pakanapita mphindi zina khumi ndi zisanu bwenzi akunena zina. M'mawa mwake Raewyn anaimbira Wayne ku Australia. Za ngoziyo Wayne anamva n'kudandaula, koma atamva za kubweza ngolo anafunsa mlongo wake ngati wayamba kumwa mankhwala a pa famase. Mpaka Raewyn anamutumizira chithunzi cha layisensi. Wayne atachiona anati iye mayeso a lole analephera katatu, ndipo katatu konseko mayi ake ankangomuphikira sikono n'kumuuza kuti zinthu zimenezi n'zovuta.

Raewyn anawafunsa bambo ake za nkhaniyi patapita masiku anayi, mayi ake atatuluka kukagula tiyi. A Merv anali atachepa pa bedi lachipatalalo, ndevu zitamera zoyera. Anati ananena kamodzi kokha, ali mnyamata wopusa wamanyazi, ndipo sankayembekeza kuti munthu angasunge mawu amodzi zaka makumi anayi. Raewyn anawafunsa kuti nanga za wilibala zija, zimene ankaseketsa nazo anthu chaka ndi chaka, ankazinena akudziwa? A Merv anayang'ana kudenga. Patapita nthawi anapempha kuti awapatsire madzi.

Khirisimasi anadyera m'chipatalamo, nyama ya nkhosa yozizira ndi mbatata zatsopano zochokera m'dimba la a Glenys. Kunyumba chaka chimenecho sikunaime mtengo. A Merv anatuluka mu Januwale akuyendera ndodo, ndipo mwendo wakumanzere sunathenso kuponda kilatchi. Nthabwala anachepetsa. Iye ndi Raewyn ankalankhulana za mankhwala ndi za nyengo, zinazo ayi.

Mu Febuluwale, nthawi yotumiza ana a nkhosa kophera, mwini malole wina wa m'deralo anasowa madalaivala. Anabwera yekha kunyumba, chipewa m'manja, atamva nkhani kwa Ngaire. A Glenys anamuuza kuti malole a masiku ano sakuwadziwa, ayambe wawayesa. Anawayesa Lolemba, Lachiwiri anayamba ntchito. Ankayenda masiku awiri pa sabata, n'kumabwera madzulo akununkha ndowe za nkhosa, kupeza a Merv atasenda mbatata mokhotakhota atakhala pa mpando.

M'taunimo anthu ambiri anayamba kunena kuti iwo ankakayikira kalekale, ati mayiyo ankayang'ana malole modabwitsa. Koma tsiku lina Raewyn atapita kukasiya mankhwala kunyumba ya okalamba ija, mkulu wina wa pa njinga ya olumala, a Rewi, anamukodola. Anali atakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo a Glenys asanapume ntchito ankawadyetsa phala ndi supuni m'mawa uliwonse.

"Iwe ndiwe mwana wa Glen? Akuti mwadziwa tsopano."

Raewyn anafunsa ngati iwo ankadziwa.

"Ine ndinali wodula mitengo ku Tuatapere. Tsiku loyamba kulowa muno ndinamuzindikira, iye n'kuika chala pakamwa kuti ndisanene." Anakweza buluku kuonetsa chipsera chachitali, chakale, choyera, kuyambira pa bondo kukwera m'mwamba. "Ichi anamanga ndi iyeyo, ndi lamba wa bambo ake. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Njira yonse ankanditukwana kuti ndisagone."

Raewyn anaima pomwepo, thumba la mankhwala lili m'manja, mpaka namwino anabwera kudzamufunsa ngati pali choti asayine.